M'masewera Mulibe Wamkulu

Mpira wake unali wachikulunga, wa majumbo a shuga ndi nsanza, womangidwa ndi timizere ta chitenje chofiira. Sunali waukulu. Unkakwana m'dzanja limodzi la mwana, koma unkalemera kuposa mmene unkaonekera, chifukwa aphunzitsi anaikamo chitsononkho pakati kuti mphepo isamaupatutse. Ukaugwira unkanunkha fumbi, choko ndi thukuta la manja a kalasi yonse. Mpaka lero ndikafumbata dzanja ndimaumvabe, pamodzi ndi kamfundo kake kamene kankabaya chala.

Ndinali mu Sitandade 5 pasukulu ya kumudzi kwathu, kuseri kwa Mbulumbuzi. Chipinda tinalibe. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira tsinde, aliyense atakhalira mwala wake umene ankaubisa patchire poweruka. Mabuku a Chingerezi analipo ochepa moti buku limodzi tinkaliunjirira ngati nkhuku pa madeya, ena n'kumawerenga chozondoka. Chaka chimenecho ndi chimene maphunziro onse anayamba kubwera m'Chingerezi, ndipo ambiri a ife tinkangoyang'ana pakamwa pa mphunzitsi osatolapo kanthu.

Aphunzitsi atsopano anafika nthawi ya chiperoni, phiri la Chiradzulu litabisala m'nkhungu, ife tikunjenjemera m'mayunifolomu opanda juzi. Anali mnyamata wowonda, wongochoka kumene kukoleji, wa tayi imodzi yabuluu. Sankayenda, ankathamanga. Tsiku loyamba lomwe anatiimiritsa tonse, nati mawu a Chingerezi salowa mwa munthu wokhala pansi. Kenako anatulutsa mpira uja m'thumba la thalauza.

Malamulo ake sanali ovuta. Tinkaima mozungulira. Iwo ankatchula gulu la zinthu, kaya nyama, kaya ziwalo za thupi, kaya za kukhitchini. Amene walandira mpira ankayenera kutchula chinthu chimodzi cha gululo m'Chingerezi, n'kuponyera mnzake pomwepo. Ukagwetsa mpira, ukazengereza, kapena ukabwereza mawu amene wina watchula kale, kalasi yonse inkakuwa pamodzi kuti, "Out!" Ukatero wafa, ukakhale pamwala wako uzionerera. Wotsala yekha kumapeto ankasunga mpirawo mpaka mawa, ndipo ankapita nawo kwawo ngati wanyamula chikho.

Ine mawu ndinkawagwira msanga. Sindikudzitama, ndi mmene zinalili. Koma masabata oyambirira ndinkafa tsiku ndi tsiku, ndipo chondipha sichinali Chingerezi. Aphunzitsi nawonso ankaima m'bwalomo, ndipo nthawi zina ankatambasula manja kuti uwaponyere iwowo. Apo ndiye pankandikanika. Kwathu munthu wamkulu sumuponyera chinthu. Amene amaponyeredwa ndi galu. Wamkulu umamuyandikira, n'kugwada, n'kumupatsa ndi manja awiri, ngakhale chikhale kabokosi ka machesi. Choncho ndikatchula mawu anga bwinobwino, miyendo inkandinyamula yokha kupita pamene aima aphunzitsi, n'kupinda mawondo, mpira uli m'manja awiri. Ndisanafike n'komwe, "Out!" anali atandigwera kale.

Sindinali ndekha. Atsikana ambiri tinkatero, ndi anyamata ena oleredwa bwino. Aphunzitsi ankagwira m'chiuno n'kupukusa mutu.

"Ana inu, mwandiona ngati ndine agogo anu? Ponyani! M'masewera mulibe wamkulu."

Mawu amenewo ankawanena m'mawa uliwonse mpaka tinayamba kuwatsanzira panjira. Ine ankandipsetsa mtima. Ndinkakhala pamwala wanga, mawu a Chingerezi atadzaza m'kamwa, ndikuonerera anyamata osadziwa kanthu akupitirira chifukwa chakuti iwo kugenda n'kumene anabadwa nako. Kunyumba ankandimenya ndikapereka chinthu ndi dzanja limodzi. Kusukulu ankandichotsa m'bwalo ndikapereka ndi manja awiri. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti mwana mmodziyo akukokedwa uku ndi uku.

Tsiku lina ndinatopa nako kufa. Ndinatsinzina n'kuwaponyera aphunzitsi, ndikudzimva ngati ndaba. Anawakha ndi dzanja limodzi n'kuseka, nati, "Eyaa! Si zimenezo!" Mphezi sinagwe, dzanja silinapuwale. Mawa lake ndinaponyanso, ulendo uno maso ali otsegula. Pofika nthawi imene chiperoni inatha, nandolo atayamba kuuma m'minda, mpira uja unkagona kwathu masiku ambiri kuposa kwa wina aliyense.

Ndinene chilungamo pa masewerawo, ngakhale ndikadali ndi mkwiyo ndi mwini wake. Ankagwira ntchito. Mawu amene ndinawatola m'bwalo lija ndikadali nawo, pamene zonse zimene tinkakopera pabolodi zinauluka kalekale. Vuto la aphunzitsi silinali kusadziwa ntchito. Ankaganiza kuti dziko lonse limathera pamene mthunzi wa mango uja wathera.

Kunyumba tinali awiri, ine ndi amayi. Abambo anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo patapita nthawi ngakhale moni wawo anasiya kufika. Mwini mbumba anali amalume, achimwene awo aakulu a amayi. Ankakhala kuchikamwini, kutsidya kwa mtsinje, koma nkhani iliyonse ya pakhomo pathu inkadikira njinga yawo. Nyengo ya nandolo ankayenda m'midzi ndi sikelo, kugula kwa alimi n'kukagulitsa kumsika.

Ndisawanamizire amalume. Sanali munthu wankhanza, ndipo sindikumbuka atakwezapo mawu. Yunifolomu yanga anandigulira ndi iwo. Akabwera ankandisungira kachidutswa ka nzimbe pakaliyala. Anali munthu waukhondo wodabwitsa kwa munthu wogwira matumba afumbi. Kofiya yawo yoyera ankachapa okha, osalola ngakhale akazi awo kuikhudza, ndipo chibadwire changa ndinali ndisanaonepo mutu wawo uli pamtunda. Sukulu ankailemekeza, koma sukulu imene ankaidziwa iwo inali ngati madarasa a kumzikiti: mwana akhale pansi, apinde miyendo, abwereze zimene wamkulu wanena, ndipo akalakwa ndodo imukumbutse.

Tsoka lake, njira yawo ya kumsika inkadutsa m'mphepete mwa sukulu yathu. Anationa kangapo tikudumpha, tikukuwa, mpira ukuuluka, aphunzitsi a tayi ali pakati. Sanaime. Anangobwera kunyumba madzulo ena, n'kutsamiritsa njinga pankhokwe, n'kukhala pampando umene ndinawaikira. Ine ndinali kuseri ndikusenda nandolo wamuwisi wotsalira, makutu ali tcheru.

"Achemwali, mwanayu kusukulu akukaphunzira, kapena akukasewera fulaye?"

Amayi anayesa kufotokoza kuti ndi maphunziro amakono. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, monga mwa chizolowezi chawo, kenako anatula nkhani imene anabwerera. Amayi aang'ono, amene anakwatiwa ku Bangwe, anali atangobereka kumene ndipo ankafuna mlezi kuti abwerere kugeni yawo.

"Ngati n'kusewera, akasewere ndi khanda kumeneko. Kusewera kwa kumeneko kuli ndi phindu. Nandolo akatha ndidzamuperekeza."

Makoko anandigwa m'manja. Ndinkadziwa atsikana amene anapita kukalera ana m'tauni. Ankauzidwa kuti ndi chaka chimodzi, ndipo ankabwerako ali ndi mwana wawowawo kumsana. Amayi nawonso ankadziwa. Ndinawamva akutsitsa mawu, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Achimwene, pepani, mukaone kaye ndi maso anu. Kukubwera msonkhano wa makolo wa nkhani ya njerwa. Mukaone mmene akuyankhira mwanayu. Mukapeza kuti n'zachabe, ine sindidzatsutsa."

Pamapeto pake achimwene awowo anavomera. Amalume akalonjeza ankasunga, ndipo zimenezi zinandipatsa mphamvu. Zonse zinatsalira kwa ine. Ndikawaonetsa kuti m'masewera aja muli maphunziro, ndikhala. Ndikalephera, Bangwe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake amayi, amene chiyambire anali asanapondepo pasukulu popanda kuitanidwa, anavala chitenje chawo chabwino n'kukaonana ndi aphunzitsi. Anawafotokozera zonse atagwada kumbuyo kwa bolodi. Aphunzitsi anawadzutsa mwamanyazi, maso akuwala.

"Musadandaule mayi. Abwere basi. Adzaona okha, adzachita kuombera m'manja."

Amayi anabwerako osangalala. Ine lero ndikaganiza, ndimaona kuti zinthu zinayamba kupotoka pomwepo. Amayi anakapempha kuti mwana wawo apulumuke. Aphunzitsi anamva kuti pali munthu wina amene akunyoza kaphunzitsidwe kawo, ndipo ayenera kugonjetsedwa pagulu.

Masiku otsatirawo anali a fumbi ndi kuyabwa. Nandolo anali atauma, makoko akulira m'munda mphepo ikawomba. Tinkadula, kuunjika pabwalo, kumenya ndi ndodo, kenako kupeta mpaka m'maso mutafiira. Pa ntchito yonseyo pakamwa panga sipankapuma. Ndinawaphunzitsa amayi masewera aja. Ankatola chitsononkho n'kundiponyera, nati, "Nyama!" kapena "Zam'munda!" ndipo ine ndinkayankha. Sankadziwa ngati ndakhoza kapena ndalakwa. Ankangoti "eya" ndi mawu aliwonse, lichero likuyendabe m'manja. Koma chitsononkhocho sindinkawaponyera pobweza. Ndinkapita n'kuwapatsa m'manja. Malire ndinkawadziwa. Zoponya zinali za pansi pa mango, kwa aphunzitsi okha, ndipo palibe anachita kundiuza zimenezo.

Tsiku la msonkhano kunatentha kuyambira m'mawa. Makolo anadzaza pabwalo la sukulu. Azibambo anakhala kutsogolo pamabenchi ochokera m'kalasi ya Sitandade 8, azimayi pansi pa zitenje chakumbali. Amalume anakhala pabenchi yoyamba pakati pa anzawo a kumzikiti, manja ali pamawondo, kofiya ikuwala padzuwa. Nkhani ya njerwa inatenga nthawi, mudzi uwu ukuloza mudzi uwo kuti suumba. Itatha, ahedi analengeza kuti ana a Sitandade 5 ali ndi kanthu koti aonetse makolo.

Tinaima mozungulira patsogolo pa mabenchi. Aphunzitsi anatchula nyama, mpira unanyamuka. Poyamba makolo ankangoyang'anizana. Koma pamene ana awoawo, amene kunyumba sankatha kunena ngakhale moni wa Chingerezi, anayamba kutulutsa mawu ngati chimanga chokazinga, kunamveka kung'ung'udza kwa chisangalalo. Mayi wina anaimba nthungululu mwana wake atakhoza. "Out!" woyamba atamveka, azibambo anaseka. Bwalo linkacheperachepera. Tinachoka pa nyama kupita pa zovala, pa zovala kupita pa zakumsika. Ine sindinagwetse, sindinazengereze, sindinabwereze.

Tinatsala atatu, kenako awiri, ine ndi mnyamata wina wamtali. Ndinaba diso kuyang'ana pabenchi. Amalume anali atawerama kutsogolo, akutsatira mpira ndi maso. Mnzawo wina anawagunda ndi chigongono n'kundiloza, ndipo ndinaona pakona ya mlomo wawo pakusuntha. Kwa amalume kumeneko kunali kuseka kwakukulu. Mnyamata uja anabwereza mawu amene ndinali nditatchula kale, kalasi inakuwa, ndipo ndinatsala ndekha, mpira uli m'manja. Amayi anali ataphimba pakamwa ndi chitenje.

Nkhani inali itatha. Aphunzitsi akanangoti zikomo makolo, ana khalani pansi, bwenzi moyo wanga utayenda njira ina. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Iwo anali ataledzera ndi kuomba m'manja kwa anthu. Anatambasula manja kwa makolo.

"Tsopano akuluakulu nanunso mulawe! M'masewera mulibe wamkulu!"

Ananditsomphola mpira n'kuponyera ahedi. Ahedi anawakha, natchula ng'ombe m'Chingerezi, anthu n'kuseka, ndipo anandibwezera ine. Aphunzitsi anandigwira paphewa n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane benchi yoyamba.

"Aponyere amalume ako! Ndiwo amafuna kuona. Tiye!"

Ndinaima. Thupi lonse linakana. Miyendo inkafuna kuyenda, kukagwada, kukapereka ndi manja awiri monga ndinabadwira. Koma aphunzitsi anayamba kuwerenga mokweza monga ankachitira munthu akazengereza, ana anzanga n'kulowerera, ndipo ine ndinali nditatha nyengo yonse ndikuphunzitsa dzanja langa kuti likamva kuwerengako lisafunse mutu. Ndinaopanso kuti ndikafa pamaso pa amalume, zonse zimene ndapambana zifera pomwepo. Ndinakuwa mawu anga n'kuponya.

Ndinaponya bwino, molunjika, ngati mmene ndinkaponyera aphunzitsi. Koma manja a amalume sanachoke pamawondo. Munthu uja moyo wake wonse anali asanaponyeredwepo chinthu ndi mwana, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka mpira unafika sankakhulupirira kuti ukubwera kwa iwo. Unawamenya pamphumi kuti phaa. Kofiya inagwa chakumbuyo, n'kugubuduka m'fumbi mpaka pamapazi a azimayi. Mutu wawo unaonekera, wadazi, wotuwa, ndi chipsera chachitali chimene sindinkachidziwa.

Ndiye panachitika chimene mpaka lero sindinachiiwale. Ana a Sitandade 5, ophunzitsidwa bwino, anaona munthu wagwetsa mpira. Anachita zimene ankachita m'mawa uliwonse. Onse pamodzi, ndi mawu amodzi, zala zikuloza mwini mbumba wathu pakati pa anzake:

"Out!"

Ana anagwa nako kuseka. Akuluakulu anangoyang'ana pansi. Mayi wina wachikulire anatola kofiya ija, n'kuyenda chogwada kukaipereka ndi manja awiri. Amalume anailandira n'kuthokoza. Anaikuntha pang'onopang'ono pabondo, koma fumbi lofiira la kwathu silichoka ndi kukuntha. Sanaivale. Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, natsanzikana ndi ahedi mwaulemu wonse, n'kutenga njinga yawo. Sanaikwere. Anaikankha mpaka anazimiririka kuseri kwa nandolo wa ahedi, mutu uli padzuwa.

Aphunzitsi, kapena pofuna kukwirira manyazi, kapena osaona n'komwe kukula kwa chimene chachitika, anakweza dzanja langa m'mwamba nati anthu aombere m'manja wopambana. Anaomba ndi ana okha.

Amayi sanandimenye. Akanandimenya, ndikanadziwa kuti mlandu uli ndi polekezera. Panjira yobwerera kunyumba ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Titafika anangovula chitenje chabwino chija, n'kuvala chakumunda, n'kutenga lichero. Ine ndinkawazungulira ngati mwanapiye.

"Amayi, ndalakwitsa mawu ati?"

"Palibe."

"Nanga si ndapambana? Amalume anati akaona kuti ndikuphunzira ndikhala."

"Tenga lichero linalo upete."

M'mawa mwake amayi anawoloka mtsinje okha kupita kwa amalume. Anabwerako dzuwa litapendeka, mawondo a chitenje ali ndi dothi, maso otupa. Sanandiuze zimene anakambirana. Aphunzitsi nawonso anapitako Loweruka. Amalume anawalandira pakhonde, anawapatsa tiyi, ndipo ndinamva kuti aphunzitsiwo anayankhula nthawi yaitali za kaphunzitsidwe katsopano ndi tsogolo la mwana wamkazi. Ndikuwaona m'maganizo mwanga akutambasula manja, akufotokoza. Anapita kukapepesa, koma ndikukayika ngati anakumbukira kusiya kuphunzitsa. Lolemba anandisisita pamutu nati zonse zikhala bwino, kenako anatulutsa mpira n'kutchula zipatso.

Mwina bala likanapola nkhaniyo ikanathera pasukulu. Koma ana ndi ana. Sabata yomweyo amalume akudutsa ndi matumba a nandolo, timagulu ta anyamata tinabisala m'tchire n'kukuwa mawu aja, kenako n'kuthawa. Zinafika mpaka kumsika, kumene anyamata onyamula katundu, osadziwa n'komwe chiyambi chake, anayamba kuwaitana choncho chakumbali. Munthu amene anatha zaka akumanga ulemu wake ndi sikelo yoona ndi malaya oyera anasanduka choseketsa cha ana a mamina. Anasintha njira, n'kumazungulira kutali ndi katundu wolemera kuti asadutse pasukulu. Ine ndinkamva zonsezi, koma mutu wanga unkangozungulira pa chinthu chimodzi: pangano linali lakuti ndikhoze, ndipo ndinakhoza.

Ndakhala ndi mkwiyo umenewu zaka zambiri ndipo sindinaupezebe mwini wake mmodzi. Ndimakwiyira aphunzitsi, amene anabadwira m'dziko lomwelino, amene iwonso sakanaponyera amalume awo ngakhale ndimu, koma anatuma mwana wa eni kuchita zimenezo kuti iwo aoneke anzeru. Ndimakwiyira amalume, amene manyazi awo a tsiku limodzi anawalipiritsa kwa ine ndi sukulu yanga yonse. Nthawi zina ndimakwiyira ngakhale amayi chifukwa cha mawondo awo ofulumira kugwada, ngakhale ndikudziwa kuti munda umene tinkadya, ndi denga limene tinkagona, zonse zinali pansi pa mawu a achimwene awo. Akuluakulu atatu, onse ondifunira zabwino, ndipo amene anatuluka m'kalasi ndine. Anati ndi chaka chimodzi. Pamene ndinabwerera kumudzi, anzanga anali atalemba kale mayeso a Sitandade 8, aphunzitsi aja atasamutsidwa, ndipo ine ndinali wamkulu moti sindikanakhalanso pamwala pakati pa tiana.

Nandolo atatha, amalume anabwera m'mawa monga ananenera. Anali atavala kofiya ina yatsopano. Amayi anandimangira zovala m'chitenje, n'kuikamo mbatata yophika. Anandikumbatira mwachangu n'kulowa m'nyumba, osatulukanso. Ndinakwera pakaliyala, mtolo uli pamiyendo, ndipo tinayamba ulendo wa ku Mbulumbuzi kukakwera minibasi.

Sindinalire. Ndinali ndi nzeru imene ndinagona nayo usiku wonse. Ndinaganiza kuti chipwirikiti cha tsiku lija chinawaiwalitsa amalume mmene ndinakhozera, ndipo ngati atamvanso bwinobwino, popanda mpira, popanda ana ena, adzakumbukira pangano lawo n'kutembenuza njinga. Choncho titangotuluka m'mudzi ndinayamba kutchula m'Chingerezi chilichonse chimene tinkadutsa. Mbuzi itadumpha njira, ndinaitchula. Mtengo, mlatho, mtsinje, mayi wosenza nkhuni, nkhunizo, ndowa, galu, mwala, mtambo, phiri. Ndinkatchula momveka, limodzilimodzi, monga ankafunira aphunzitsi. Tcheni cha njinga chinkalira, thukuta linayamba kudetsa malaya oyera pamsana pawo, ndipo msanawo unangoti gwa, osatembenuka.

Patapita zaka, amalume atamwalira, amayi anandiuza zimene anawayankha tsiku limene anawoloka mtsinje lija. Akuti sanakalipe. Anati mwana alibe mlandu, ndipo anavomera kuti Chingerezi ndinkachidziwa kuposa mmene ankaganizira. Kenako anati, "Achemwali, ine ndinkaopa kuti kumeneko akungotaya nthawi. Ndapeza kuti akuphunziradi, ndipo chimene akuphunziracho chalowa mpaka m'manja. Tikachedwa, mwanayu sakhalanso wathu."

Ine pakaliyala paja sindinkadziwa zimenezo. Sindikanamvetsa kuti mawu aliwonse amene ndinkakhoza ankawatsimikizira kuti achita bwino kundichotsa, kuti ndinkapalasa nawo njinga yopita ku Bangwe ndi pakamwa panga. Tinafika pamene msewu wa tala umayamba kuonekera, maminibasi akuimba mahutala, mawu anga asanathe. Amalume anali asanayankhe ngakhale kamodzi. Ndinaganiza kuti mwina mphepo ikuwalepheretsa kundimva, ndiye ndinasendera pafupi ndi msana wawo n'kukweza mawu.